Mawu ndi Chikumbumtima: Kuunika Buku la Apologia Pro Vita Sua

Mabuku ambiri olembedwa ndi anthu amene asintha mpingo amakhala ndi chilema chimodzi: wolemba amanyoza kumene wachokera pofuna kuti kumene wafika kuwale. Buku la Apologia Pro Vita Sua, limene John Henry Newman adalemba mu 1864, lidapewa msampha umenewu, ndipo n'chifukwa chake likuwerengedwabe.

Bukuli lidabadwa pamkangano. Mu Januwale 1864, Charles Kingsley adalemba m'magazini ya Macmillan's kuti ansembe a Katolika salabadira choonadi, natchula Newman ngati mboni yake. Newman adaona kuti kuyankha mfundo imodziimodzi sikukadathandiza, popeza anthu a ku England ankakayikira umunthu wake wonse. Motero adayala poyera mbiri ya maganizo ake.

Mu 1816, ali ndi zaka 15, adatembenuka mtima m'njira ya chievanjeliko, ndipo mabuku a Thomas Scott adamuumba kwambiri. Kuyambira mu 1833 adali mmodzi mwa atsogoleri a gulu la Oxford Movement, limene linkaphunzitsa kuti mpingo wa Angilikani ndi njira yapakati pa Roma ndi Chipulotesitanti. Mu 1839, powerenga za mkangano wakale wa Amonofizaiti, adadzidzimuka kuona kuti oima pakati m'nthawi imeneyo ndiwo amene mpingo udawatsutsa. Pa 9 Okutobala 1845, wansembe Dominic Barberi adamulandira mumpingo wa Katolika ku Littlemore.

Kwa wophunzira chiyankhulo, gawo lokoka mtima ndi lonena za kabuku ka Tract 90 ka mu 1841. M'menemo Newman adati mfundo 39 za chikhulupiriro cha Angilikani zikhoza kumasuliridwa mogwirizana ndi chiphunzitso cha chikatolika. Funso lake n'lakale: kodi tanthauzo limakhala m'mawu olembedwawo, kapena m'cholinga cha amene adawalemba? Newman adatsamira pa mawu, pamene omutsutsa adati akupotoza cholinga. Apa ayenera kumvedwa, pakuti kumasulira kotere kumasiya owerenga wamba akudziona ngati apusitsidwa. Apologia imatikhutiritsa kuti Newman sadaname. Siitikhutiritsa kuti kumasulira kwake kudali kolondola.

Chingerezi chimatchula zochitika za mu 1816 ndi za mu 1845 ndi liwu limodzi, pamene Chichewa chimasiyanitsa kutembenuka mtima ndi kulowa mpingo wina. Kusiyanitsa kumeneku kukutithandiza kumvetsa bukuli. Newman sadakane konse zimene zidamuchitikira ali mnyamata, ndipo ankaona kuti ulendo wake wonse udaphuka pa mbewu imeneyo. Maganizo omwewa ali m'buku lake la mu 1845 lonena za kukula kwa chiphunzitso cha chikhristu.

Komabe bukuli lili ndi zofooka. Za chievanjeliko zangokambidwa m'masamba ochepa oyambirira, ndipo mfundo za aevanjeliko sizipatsidwa mpata wodziteteza. Komanso wolemba akunena kuti atalowa Katolika adapeza mtendere, koma salongosola za mavuto amene adakumana nawo poyendetsa yunivesite ya Katolika ku Dublin m'zaka za m'ma 1850, ngakhale za kukayikiridwa kwake ku Roma chifukwa cha nkhani imene adalemba m'magazini ya The Rambler mu 1859. Wodziteteza pabwalo amasankha zonena.

Nkhaniyi ikutikhudza kuno chifukwa amishonale a UMCA, amene adakhazikika ku Likoma, adaleredwa m'mwambo wa Oxford Movement imene Newman adaisiya. Iye adamwalira mu 1890 ali kadinala, ndipo Papa Francis adamulengeza kukhala woyera mu 2019. Ulemu umenewu usatiletse kuwerenga Apologia ngati umboni wa woimbidwa mlandu, woyenera kufunsidwa mafunso.