Kalumo Kakuthwa ka Mary Poppins

Aliyense amene anakulira pamoto wa madzulo akudziwa kuti nthano sikhala ya ana okha. Agogo akamayimba nyimbo ya m'nthano ana n'kumavomera, mawu ena amakhala akulasa bambo amene wakhala chapatali, akusema mpini ngati sakumva. Filimu ya Mary Poppins, yomwe kampani ya Walt Disney inatulutsa mu 1964, ndimayiona chimodzimodzi. Anthu amati ndi ya ana, ndipo anawo amayikondadi, koma munthu amene filimuyi ikufuna kumuchiza ndi bambo wa m'nyumbamo.

Nkhani yake inachokera m'mabuku a P. L. Travers, mayi wobadwira ku Australia, amene buku lake loyamba la Mary Poppins linatuluka mu 1934. Wotsogolera filimuyi anali Robert Stevenson, ndipo nyimbo zake anapeka ndi abale awiri, Richard ndi Robert Sherman. Tili mumzinda wa London m'chaka cha 1910, m'nyumba ya bambo George Banks, wogwira ntchito kubanki. Ana ake awiri, Jane ndi Michael, atopetsa alezi ambirimbiri. Anawo akulemba okha kalata yofotokoza mlezi amene akumufuna, koma bambo awo akuying'amba n'kuyiponya pamalo osonkhapo moto. Zidutswazo zikukwera ndi chumuni, kenaka Mary Poppins akutsika kuchokera m'mitambo atagwira ambulera, kalata ija ili m'manja, yolumikizika bwinobwino.

Kwathu filimuyi tinayamba kuyionera pa tepi ya vidiyo, kenaka pa DVD, ndipo aliyense ali ndi gawo lake. Ana amadikira pamene Mary ndi mnzake Bert alowa m'chithunzi chojambulidwa pamsewu n'kukavina ndi makatuni. Mayi awo amakonda mawu a Julie Andrews, amene anapata mphoto ya Oscar chifukwa cha sewero limeneli. Filimu yonse inapata mphoto zimenezi zisanu. Apongozi anga samva Chingerezi, komabe amatsatira nkhani yonse osafunsa. Chifukwa chake n'chakuti nyimbo za mufilimuyi zimagwira ntchito imene nyimbo imagwira m'nthano zathu. Sizibwera kudzapumitsa nkhani ayi. Nyimbo ikamatha, china chake chimakhala chasintha: chipinda chakonzedwa, ana agona, kapena mtima wa munthu wafewa. Alembi athu a masewero, amene nthawi zina amaponyamo nyimbo pongofuna kuti ochita sewero asinthe zovala, angaphunzirepo kanthu.

Ine amene ndimagwira ntchito m'boma, maso anga amakhala pa bambo Banks, amene David Tomlinson anawasewera mwaluso. Bambowa si ankhanza, si chidakwa, ndipo banja lawo silisowa kanthu. Vuto lawo n'lakuti nyumba amayiyendetsa ngati ofesi. Amafika panthawi yake yeniyeni, amafuna lipoti la tsikulo, ndipo ana amawaona ngati mafayilo oyenera kukhala pamalo ake. Amuna otere tili nawo m'makonde a maofesi athu, anthu aulemu wawo amene amakhulupirira kuti akalipira fizi ndi lendi ndiye kuti ubambo wonse watha.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Mary Poppins n'kakuti sakangana nawo bambo Banks. Amangowachenjerera mpaka iwo avomera kutenga ana kuntchito, akuganiza kuti nzeruyo ndi yawo. Usiku wake amawayimbira anawo nyimbo ya "Feed the Birds", yonena za gogo wina wogulitsa chakudya cha mbalame pamasitepe a tchalitchi chachikulu cha St Paul's. M'mawa Michael akufuna kupereka makobiri ake awiri kwa gogoyo, koma bambo ake akumukaniza, osalabadira n'komwe za munthu wosaukayo. Kubanki, mkulu wa bankiyo akulanda makobiriwo kuti awasungitse, mwana akukuwa kuti amubwezere, ndipo anthu atamva kuti banki ikukana kubweza ndalama akuthamangira kukatapa zawo zonse. Apa ndi pamene ndimagomera olemba filimuyi. Makobiri awiri a mwana akugwedeza banki yonse, ndipo mwana woonera amamvetsa popanda womufotokozera kuti mkanganowu ndi wa chifundo ndi phindu.

Gawo lamphamvu kwambiri lilibe kuvina kapena matsenga. Bambo Banks ayitanidwa kubanki usiku kuti akachotsedwe ntchito, ndipo akuyenda okhaokha m'misewu yachifunga, m'thumba muli makobiri aja amene Michael wawapatsa kuti mwina akonze zinthu. Atafika, chipewa chawo chikubooledwa, ambulera ikupindidwa chagada, duwa la pajekete likung'ambidwa. Ana amaseka poona zimenezi, koma munthu amene anaonapo mnzake akulandira kalata yomuimitsa ntchito saseka. Kutacha, bambo aja akupezeka atasoka kayiti ya ana yomwe inang'ambika kumayambiriro kwa filimu.

Ngakhale ndi choncho, pali zinthu ziwiri zimene sindigwirizana nazo. Choyamba, filimuyi ikuchita mantha ndi phunziro lake lomwe. Bambo Banks asanalawe n'komwe ulova, akuuzidwa kuti mkulu wa banki uja wafa ndi phwete chifukwa cha nthabwala yawo, ndipo iwo akwezedwa paudindo. Mwana akuphunzira kuti ukasankha banja ntchito imabwerera yokha, pamene tonse tikudziwa kuti kusankha kumeneku kumakhala ndi mtengo wake. Chachiwiri ndi mayi Banks. Iwo akumenyera ufulu wa amayi woponya voti, ufulu umene ku Britain unayamba kuperekedwa mu 1918 n'kudzafanana ndi wa amuna mu 1928. Koma filimu ikuwasandutsa choseketsa, ndipo pamapeto lamba wa gulu lawo akukhala mchira wa kayiti. Mwana wanga wamkazi atakula pang'ono anandifunsa chifukwa chake bambo abwezeredwa ntchito pamene mayi ataya lamba wawo. Funso limeneli filimuyi siyiyankha.

Travers mwiniwake sanakondwe ndi zambiri zimene Disney anachita, makamaka makatuni aja. Bambo ake nawo anali wa kubanki ndipo anamwalira mu 1907 iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nkhani imene filimu ya Saving Mr. Banks ya mu 2013 inatsamirapo.

Chotsalira m'mtima ndi kachokedwe ka Mary Poppins. Mphepo itasintha, banja lonse lapita kukaulutsa kayiti, ndipo iye akunyamuka popanda womuperekeza. M'matauni mwathu muli atsikana ambiri amene alera ana a eni, kuwasambitsa ndi kuwayimbira mpaka kukula, n'kuchoka chimodzimodzi, kachikwama m'manja. Filimuyi ikuti kuyiwalika kwa mlezi ndi umboni wakuti ntchito yake yatheka, popeza ana abwerera kwa makolo awo. Mwina n'zoona. Koma banja limene likuonera limodzi lingachite bwino kucheuka n'kuona amene wakhala pansi pafupi ndi khomo, mwana ali pamiyendo, akuonera nawo.