Crepúsculo: Buku la Omwa Mwazi Limene Ana Athu Akuwerenga

Amai ena amene atsogolera kalasi ya kuwerenga anatibweretsera buku lalikulu la cikuto cakuda, pamwamba pake pali manja awiri atagwira cipatso cofiira. Analilanda kwa mwana wao wamkazi wa ku sekondale, amene anali kuliwerenga usiku ndi kuwala kwa foni mpaka tambala woyamba. Funso lao linali lalifupi: "Abusa, kodi ndilitenthe?" Tinawapempha kuti atibwereke kaye. Tsopano taliwerenga, pamodzi ndi anzace otsatira, ndipo yankho lathu ndi ili: musalitenthe, koma musamsiyenso mwanayo yekha nalo.

Bukuli analemba ndi Stephenie Meyer wa ku America, ndipo linatuluka m'caka ca 2005 ndi dzina lakuti Twilight. Pa Cipwitikizi alicha Crepúsculo, ndiye kuti cisisira. Ena atatu anatsatira mu 2006, 2007 ndi 2008, amene pa Cipwitikizi ndi Lua Nova, Eclipse ndi Amanhecer. Nkhani yace ndi ya Bella Swan, mtsikana wa zaka 17, amene acoka ku Phoenix kukakhala ndi atate wace ku Forks, tauni ya mvula yosatha. Kusukulu akomana ndi Edward Cullen, mnyamata wokongola wosaonedwa akudya. Edwardyo ndi vampiro, ndiko kuti munthu amene anayenera kufa kale koma akhalabe mwa kumwa mwazi. Anabadwa mu 1901, ndipo mu 1918, ali pafupi kufa ndi mliri wa fuluwenza ku Chicago, dotolo Carlisle anamsandutsa. Banja la a Cullen linapangana kusakhudza mwazi wa anthu. Amasaka nyama za m'thengo.

Tidziwa cimene cinawaopsa amai aja. Kuno kwathu nkhani ya omwa mwazi si yoseka nayo ai. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa kumwera kwa Malawi, ndipo ku Gurué, m'cigawo ca Zambézia, kunali cipolowe cifukwa ca chupa-sangue. Koma vampiro wa m'mabuku ali ndi mtundu wace wina. Anacokera m'nthano za kum'mawa kwa Ulaya, ndipo amene anamchukitsa ndi Bram Stoker m'buku lace Dracula la mu 1897. Meyer anamweta ndithu: wace sagona m'bokosi la maliro, ndipo padzuwa sapsa, amangonyezimira. Mwana wowerenga adziwa kuti akumva nthano, monga ife tinali kudziwa pomva za Kalulu ndi Fisi. Mphekesera ndiyo yoopsa, pakuti imabwera itavala malaya a coonadi. Kusiyanitsa ziwirizi ndi nchito yeniyeni ya kalasi yanu.

Zabwino za bukuli tisazibise. Bella afotokoza yekha nkhani yace, ndi mau osavuta, kotero kuti wowerenga aona ngati akumva cinsinsi ca mnzace. Mutu uliwonse utha uli ndi funso lokukokera ku mutu wotsatira. M'buku laciwiri, Edward atamsiya Bella, wolemba anaika masamba anai opanda kanthu koma dzina la mwezi basi, kuyambira Okutobala mpaka Januwale. Cisoni conse ca mtsikanayo cili m'kuyera kwa pepala. Aphunzitsi, onetsani ophunzira anu masamba amenewa. Adzaona kuti m'buku ngakhale posalembedwa pamalankhula. Komanso Edward ndi mnyamata wolimbana ndi cilakolako cace tsiku ndi tsiku, ndipo akana kugona ndi Bella asanakwatirane. M'nkhani za acinyamata za masiku ano, zotere n'zosowa. Ndipo tisaiwale ici: mwana amene wamaliza yekha masamba oposa 400, popanda womkakamiza, wapeza cimene ife timavutikira zaka kuti tidzale mwa akuluakulu.

Koma pali pamene titsutsana nalo kwambiri, ndipo si pa mwazi. Ndi pa cikondi. Edward amalowa pa zenera usiku kudzayang'ana Bella ali m'tulo, mwini wace osadziwa. Amamtsata mobisa akapita ku tauni ina. M'buku lacitatu afika poononga galimoto ya Bella kuti asakaceze kwa mnzace Jacob. Zonsezi bukuli lizicha kusamala, ndipo Bella sacedwa kukhululuka. Iye ali wokonzeka kutaya atate wace, amai ace, anzace ndi umunthu wace womwe, bola akhale ndi Edward mpaka muyaya. Nanga tikacotsapo kunyezimirako, citsala n'ciani? Mwamuna wa zaka zoposa 100, wa ndalama ndi magalimoto okongola, ndi mtsikana wa sukulu amene aganiza kuti popanda iye palibe moyo. Nkhani imeneyi ife taionapo m'midzi mwathu, ndipo siitha bwino monga m'buku. Paja n'cifukwa cace dziko lathu linakhazikitsa lamulo la mu 2019 loletsa maukwati a ana osafika zaka 18. Zoona, Bella akwatiwa atakwanitsa 18, koma mtima anaupereka kale.

Cina cocepa: bukuli n'lotalika mopitirira. Kukongola kwa nkhope ya Edward kunenedwa mobwereza mpaka wowerenga wamkulu atopa.

Tsono amai aja tinawabwezera buku lao ndi pempho limodzi: madzulo mwanayo aziwerenga mutu umodzi mokweza, ndi kuufotokoza m'Cinyanja. Inunso mungacite cimodzimodzi ndi acinyamata a m'dera lanu. Akatha kufotokoza, afunseni: Kodi mnyamata akalowa pa zenera lako usiku, ungati amakukonda? Kodi Bella anataya ciani, ndipo Edward anataya ciani? Ukanakhala mlongo wace wa Bella, ukanamuuza zotani? Musafulumire kuwayankhira. Mwana amene waphunzira kutsutsana ndi buku limene alikonda sadzanyengedwa msanga, kaya ndi mphekesera ya pamsika kaya ndi mau okoma a mwamuna wa galimoto.