Chilango chosaluma m'gemu ya NationStates

Anzanga a ku Wolverhampton, Walsall, Dudley ndi kulikonse kumene mukutimvera, lero tikambe za gemu. Si ya mpira ayi. Ndi NationStates, gemu ya ndale ya pa intaneti imene mlembi wa ku Australia, Max Barry, anayambitsa mu November 2002 potsatsa buku lake lotchedwa Jennifer Government. Mumalowa ulere, mumapanga dziko lanu, mumalipatsa dzina ndi mbendera, kenako gemuyo imakubweretserani nkhani zoti mugamule: msonkho ukwere kapena utsike, apolisi akhale ndi mphamvu zochuluka bwanji.

Pamenepo mumakhala muli nokha. Kukoma kwake kumayamba mukakumana ndi anzanu. Mayiko amakhala m'zigawo, ndipo amene akufuna amalowa bungwe la World Assembly. Poyamba bungweli linkatchedwa United Nations, mpaka mu 2008 pamene United Nations yeniyeniyo inalembera Barry kalata yoti asiye kugwiritsa ntchito dzina lake. Mamembala amavotera malamulo, ndipo m'chigawo chilichonse dziko limene anzake ambiri alivomereza ndilo limakhala nthumwi.

Tsopano mverani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. M'gemuyi muli zilango ziwiri, china choluma, china chopanda mano.

Choluma nachi. Mutha kukhala ndi mayiko ambirimbiri, koma lololedwa kulowa World Assembly ndi limodzi basi. Munthu mmodzi, voti imodzi. Mukalowetsa awiri kuti mudzivotere nokha, oyang'anira gemu akakugwirani amakutulutsani m'bungwemo, ndipo mukachita makani dziko lanu likhoza kufufutidwa. Zimene munamanga zaka zambiri zimatha tsiku limodzi. Lamuloli anthu amaliopa.

Chopanda mano ndi ichi. Nthambi ya bungweli yotchedwa Security Council imatha kudzudzula dziko kapena chigawo, ndipo chizindikiro cha chidzudzulocho chimaikidwa pa tsamba la wodzudzulidwayo. Basi, zathera pomwepo. Salipira kanthu, sataya mphamvu. Ndiye taonani zimene zinachitika. Muli osewera amene ntchito yawo ndi kulanda zigawo: amalowa gulu nthawi imodzi, kuvomerezana okhaokha, kutenga mpando wa nthumwi, n'kuyamba kuthamangitsa eni mudzi. Eni gemu amalola zimenezi. Kwa olandawo chidzudzulo chinasanduka mendulo, ena amachita kuchifuna. Eti chilango munthu n'kumachinyadira!

Apa ndi pamene ndimaitsutsa gemuyi. Imachepetsa mtengo wophwanya pangano la gulu. Wolanda amaseka, wolandidwa amangoyamba chigawo china, palibe amene wagona ndi njala. Wachinyamata akhoza kuchokapo akuganiza kuti ndale ndi kuchenjera, kuti bola usagwidwe ndi makina. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kunja kuno nyererezo zimaluma ndithu. Pompano ku Birmingham, pa zisankho za makhansala za mu June 2004, anthu anabera pogwiritsa ntchito mavoti apapositi m'madera a Aston ndi Bordesley Green. Mu April 2005 woweruza Richard Mawrey anathetsa zotsatira za madera awiriwo. Kwathu nako mukukumbukira Tippex wa mu May 2019, miyezi ya zionetsero, masitolo otsekedwa, mpaka pa 3 February 2020 pamene khoti linathetsa chisankho cha pulezidenti, anthu n'kukavotanso pa 23 June. Mlandu wake ndi womwewuja wa m'gemu, wofuna kuti mawu a munthu mmodzi alemere kuposa a anzake. Kusiyana kwake n'kwakuti ovutika anali anthu enieni, ndipo sakanatha kungotseka foni.

Komabe musaitaye gemuyi. Pali chimodzi chimene imaonetsa bwino kwambiri mwina mosafuna: lamulo limalemera molingana ndi chimene chimachitika mukaliphwanya. Malamulo a World Assembly amalembedwa mwaluso, anthu amakangana pa liwu limodzi kwa masabata, koma amene amasungidwa ndi aja ali ndi wowalondera. Enawo amadalira ulemu wa osewera, ndipo ulemuwo ukatha amakhala zokongoletsa.

Inu muli m'chipereganyu, m'gulu lothandizana pa maliro, m'bungwe la ophunzira a ku Malawi. Malamulo munalemba, mwina ali pa WhatsApp pamwamba penipeni. Tawawerenganinso madzulo ano. Munthu akalandira ndalama mwezi wake n'kusiya kusonkha, chimamuchitikira n'chiyani? Ngati yankho ndi loti timangomunena kumbali, ndiye kuti muli ndi Security Council yanuyanu. Ndipo tsiku limene mudzafune kutumiza thupi la mnzanu ku Lilongwe, thumba lili pululu, ndi pamene mudzadziwe kuti si gemu.