Diso la Bamako: Mmene Ntchito ya Tsiku ndi Tsiku Inaumbira Luso la Malick Sidibé

Anthu ambiri akamakamba za zithunzi amaika luso mbali ina, malonda mbali ina. Amati katswiri weniweni saganiza za ndalama, ndipo wojambula maukwati, madansi ndi nkhope za anthu wamba ndi wamaganyu chabe. Ntchito ya Malick Sidibé, wojambula wa mumzinda wa Bamako ku Mali, imagwetsa maganizo amenewa. Bamboyu sanalembedwe ntchito ndi nyuzipepala kapena boma. Chakudya cha pakhomo pake chinkachokera m'matumba mwa anyamata ndi atsikana amene ankawajambula usiku akuvina, n'kudzawagulitsa zithunzi zawozo masiku otsatira. Lero zithunzizo zimapachikidwa m'nyumba zikuluzikulu za zionetsero ku Paris ndi ku New York, koma chimene chinazipatsa mphamvu ndi kagwiridwe ka ntchito komweko. Wojambulidwa ndiye anali wogula, ndipo wojambula ankadziwa kuti akumana nayenso maso ndi maso.

Sidibé anabadwira m'mudzi wa Soloba chapakati pa zaka za m'ma 1930, ndipo ali mwana ankaweta ziweto. Luso lake lojambula pamanja ndilo linamufikitsa ku sukulu ya amisiri ya École des Artisans Soudanais ku Bamako. Mu 1955 Mfalansa wina wojambula zithunzi, Gérard Guillat, anamuitana kuti akakongoletse sitolo yake ya Photo Service, kenako anamusunga kuti aphunzire ntchito. Chaka chotsatira mnyamatayu anagula kamera yake yoyamba, ya mtundu wa Brownie Flash. Bwana ankapita kumaphwando a Azungu, wophunzira n'kumapita kumaphwando a eni dziko. Patapita zaka zingapo anatsegula malo akeake, Studio Malick, m'dera la Bagadadji, ndipo ndi pomwe anagwirira ntchito mpaka ukalamba wake.

Dziko la Mali linalandira ufulu mu 1960, ndipo achinyamata a ku Bamako anaulandira ndi miyendo. Ankapanga timagulu tawo, n'kusonkherana ndalama zogulira zimbale za twist, za rock and roll, za ku Cuba, kenako za James Brown. Chinali chachilendo kuti mnyamata ndi mtsikana avine atagwirana, ndipo akuluakulu ambiri pamodzi ndi boma la Modibo Keïta sankakondwera nazo. Gulu lililonse likakonza phwando linkafuna kuti Malick abwere. Iye ankakwera njinga, kamera ndi fulashi zili pathupi, n'kuzungulira maphwando angapo usiku umodzi. Anthu ena akamakagona, iye ankalowa m'chipinda chamdima kukatsuka mafilimu. Tizithunzi ting'onoting'ono ankatimata pa mafayilo a pepala lolimba, n'kulembapo dzina la gulu, tsiku la phwando ndi nambala ya chithunzi chilichonse. Eni ake ankabwera kusitudiyo, n'kuloza nambala yomwe aikonda, n'kulipira kuti awatsukire chawo.

Kagwiridwe kameneka kakuoneka m'chithunzi chilichonse cha nthawi imeneyo. Popeza nkhope iliyonse inali ya munthu woti akhoza kugula, palibe amene Sidibé anamusandutsa chodzazira malo. Ngakhale woima kumapeto kwenikweni amaoneka bwino, ali ndi maso ake ndi khalidwe lake. Popeza mnyamata anali atavutikira suti ndi nsapato, ndipo mtsikana anali atasoketsa diresi ya tsikulo, wojambula ankatenga thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. N'chifukwa chake gule amaoneka wathunthu m'zithunzi zake, pakuti kuvina kumakhala m'mawondo, m'chiuno ndi m'zidendene, ndipo wodula munthu pachifuwa wataya gule yense. Fulashi yake inali yowomba molunjika, yopanda zokometsera, chifukwa m'mabwalo a usiku munalibe kuwala kwina. Kuwala kotero kumaulula zonse, thukuta, fumbi, khoma long'aluka. Koma Sidibé sankachititsa munthu manyazi, chifukwa wojambula amene wanyazitsa mwini phwando saitanidwanso sabata yamawa.

Chithunzi chake chotchuka kwambiri, Nuit de Noël (Happy Club) cha mu 1963, chimaonetsa mnyamata wovala suti yowala ndi mtsikana wovala diresi koma wopanda nsapato. Anali mchimwene ndi mchemwali wake. Onse awerama pang'ono, mphumi zawo zatsala pang'ono kugundana, ndipo maso awo ali pansi, kumapazi, kutsatira sitepe. Palibe amene akuyang'ana kamera. Kuti fulashi iwombe anthu awiri pafupi chotere iwo osadzidzimuka, ndiye kuti wojambulayo anali atazolowereka ngati mipando ya pabwalopo. Kuzolowereka kotere sikugulidwa m'sitolo pamodzi ndi kamera. Kumabwera chifukwa chopezeka pamaphwando a anthu omwewo sabata ndi sabata, kudziwa mayina awo, ndiponso kusawakhumudwitsa pa zomwe anajambula kale. Kufatsa komwe kuli m'chithunzichi ndi phindu la zaka zokhulupirirana.

Vuto lalikulu la wojambula za nyimbo n'lakuti chithunzi sichilira. Ayenera kupeza njira yoti woona amve nyimbo ndi maso. Mu Regardez-moi! cha mu 1962, mnyamata wapinda mawondo n'kugwetsera msana kumbuyo, ngati agwa koma osagwa, anzake akuvina momuzungulira. Thupi silingakhale chomwecho nthawi yaitali. Kanthawi kochepa m'mbuyo anali asanafike, kanthawi kochepa m'tsogolo akanakhala atadzuka. Wojambula amene amadikira kuti aone kaye kenako n'kudina amakhala atachedwa. Ayenera kuidziwa nyimboyo, kumva pomwe ng'oma ikupita, n'kudina thupi likufika pachimake. Komanso filimu inali ya ndalama, ndipo chithunzi chowonongeka chinali kuluza kwa iye mwini. Kuchepa kwa filimu kunamuphunzitsa kumvetsera, ndipo kumvetserako ndiko kumapangitsa zithunzi zake kukhala ndi kayendedwe. M'zithunzi zina achinyamata anyamula zimbale zawo moonetsa kamera, kunena kuti ife ndi a nyimbo iyi. Oimba otchuka sapezeka kawirikawiri m'ntchito yake. Iye anajambula nyimbo pomwe inkafikira, m'matupi a omvera.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 maphwando aja anachepa, ndipo Sidibé anakhazikika musitudiyo. Apa ndi bwino kumuika pafupi ndi mkulu wake pantchito, Seydou Keïta, yemwe anatsegula situdiyo ku Bamako mu 1948. Keïta ankagwiritsa ntchito kamera yaikulu ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo kawirikawiri ankajambula kasitomala kamodzi kokha. Ankasunga wayilesi, wotchi, cholembera ndi njinga yamoto kuti wofuna abwereke pojambulitsa, ndipo nsalu zake zakumbuyo zinkalukana ndi zovala za amayi mpaka chithunzi chonse kukhala ngati nsalu imodzi yamaluwa. Anthu a Keïta ndi odekha, aulemu, ojambulitsa kuti zidzukulu zidzawaone. A Sidibé ndi osakhazikika: wina wakwera njinga yamoto pansi pali timabwalo takuda ndi toyera, wina wakunga zibakera ngati wankhonya, wina waonetsa wotchi pamkono. Onse awiri ankadziwa kuti munthu wolowa musitudiyo amabwera ndi chithunzi chake kale m'mutu. Ntchito ya wojambula ndi kuchipeza, pocheza naye, pomuseketsa, pomutembenuza phewa, mpaka amene munthuyo akufuna kukhala atulukire pankhope pake.

Pali chodzudzula chimene sitiyenera kuchizemba. Wojambula amene amadya za kasitomala amajambula zokhazo zomwe kasitomala angagule. M'zithunzi zotchuka za Sidibé simupezamo asilikali amene analanda boma mu 1968, kapena chilala chomwe chinasautsa dera la Sahel m'zaka za m'ma 1970. Wofuna mbiri yonse ya Mali saipeza pano, ndipo amene amatenga zithunzizi ngati umboni woti ku Bamako kunali chisangalalo chokhachokha akulakwitsa. Komabe malire amenewa ali ndi phindu lake. Kwa zaka zambiri za utsamunda, Mwafirika ankajambulidwa ndi mlendo, osafunsidwa, kuti akaonedwe ndi anthu akutali ngati chitsanzo cha mtundu wakutiwakuti. Musitudiyo ya Bagadadji munthu ankalowa yekha, atasankha chovala, n'kulipira ndi ndalama yake, ndipo akakana chithunzi ndiye kuti chakanidwa. Wayilesi yobwereka ija si bodza ayi. Ndi umboni wa zomwe anthu ankalakalaka, ndipo zolakalaka za anthu ndi mbiri yomwe wojambula nkhani wongodutsa saipeza.

Moyo wa wojambula wodziimira payekha sukhala pamodzi. Makina otsuka zithunzi zamitundu atafika m'zaka za m'ma 1980, makasitomala a zithunzi zakuda ndi zoyera anachepa, ndipo Sidibé ankapeza ndalama zambiri pokonza makamera owonongeka a anthu ena. Mu 1991 pa chionetsero cha Africa Explores ku New York panapachikidwa zithunzi za ku Bamako zopanda dzina la wojambula. Mfalansa wina wokonza zionetsero za luso, André Magnin, atapita ku Mali kukafufuza mwini wake, anali Sidibé amene anangoziona n'kuzindikira kuti ndi dzanja la Keïta. Kuchokera pamenepo onse awiri anadziwika kunja. Sidibé analandira mphoto ya Hasselblad mu 2003, ndipo mu 2007 anakhala wojambula zithunzi woyamba komanso Mwafirika woyamba kulandira Golden Lion ya ntchito ya moyo wonse ku chionetsero cha Venice Biennale. Anamwalira ku Bamako mu 2016. Kutchuka konseku kunatheka chifukwa anasunga manegetivu ake m'timabokosi tolembedwa masiku. Koma tiyeneranso kuvomereza kuti chithunzi chomwe chinapangidwa kuti chilowe m'thumba la malaya, chikakulitsidwa n'kupachikidwa pakhoma loyera kutali ndi eni nkhope, chimasintha. Woona amayamikira mizere ndi kuwala, n'kuiwala kuti anthuwo anali ndi mayina ndipo ndi amene analipira ntchitoyo poyamba.

Wojambula oimba wa masiku ano, makamaka ku Ulaya ndi ku America, amagwira ntchito m'njira yotsutsana ndi ya Sidibé. Pamakonsati akuluakulu lamulo lofala n'lakuti ajambule nyimbo zitatu zoyambirira zokha, popanda fulashi, kenako atuluke. Onse amaima malo amodzi kutsogolo kwa nsanja, ndipo zithunzi zawo zimafanana: pakamwa pa maikolofoni, dzanja m'mwamba, utsi wamitundu. Woimba amakhala asanatope, asanaiwale kuti pali makamera. Yerekezani ndi chithunzi cha pachikuto cha chimbale cha London Calling cha gulu la The Clash, chomwe Pennie Smith anajambula ku Palladium ku New York mu 1979. Paul Simonon, woimba gitala m'gululo, akumenyetsa gitala yake pansi, ndipo chithunzicho n'chosaoneka bwinobwino moti Smith mwiniyo sanafune kuti chigwiritsidwe ntchito. Smith anachipeza chifukwa ankayenda ndi gululo ndipo anali pambali pa nsanja nthawi yomwe mkwiyo unaphulika. Kuloledwa kukhala pafupi, nthawi yaitali, ndiko kunabala chithunzicho, monga momwe kunabalira za ku Bamako.

Nkhani ya dzina ndi malipiro nayo sinathe. Wojambula zithunzi Lynn Goldsmith anajambula woimba Prince mu 1981. Mu 1984 magazini ya Vanity Fair inalipira madola 400 kuti chithunzicho chigwiritsidwe ntchito kamodzi, ndipo katswiri wa zojambula Andy Warhol anapanga nacho zojambula zake. Prince atamwalira mu 2016, kampani ya Condé Nast, mwini wa magazini ija, inalipira bungwe losunga ntchito za Warhol madola pafupifupi 10,000 pa chimodzi mwa zojambulazo, Goldsmith osalandira kanthu komanso osatchulidwa. Mlandu unafika ku khoti lalikulu la dziko la America, lomwe mu 2023 linagamula mokomera Goldsmith. Wojambula wodziimira payekha alibe penshoni ina koma zithunzi zake zakale, ndipo dzina likachotsedwa pachithunzi, chuma chake chachotsedwanso.

Kwathu kuno timawadziwa ojambula a mtundu wa Sidibé. Amapezeka pa chinkhoswe, pa ukwati, pa mwambo wolandira madigiri, ndi pamene oimba akukhazikitsa chimbale, ndipo ena amathamangira kukatsuka zithunzi kuti adzaziyale panja mwambo usanathe. Timawaona ngati ongosaka ya ndiwo, ndipo zithunzi zawo timazimwaza pa WhatsApp ndi pa Facebook dzina titalidula. Koma iwowa ndi amene akulemba mmene m'badwo uno ukuvalira, ukuvinira ndi mmene ukufunira kukumbukidwa. Kwa iwo phunziro la ku Bagadadji ndi lomveka: aphunzire nyimbo zomwe akujambula, abwerere kwa anthu omwewo mpaka awazolowere, asanyazitse wowakhulupirira, ndipo asunge ntchito yawo yonse ili ndi tsiku, malo ndi mayina. Kwa ife ojambulitsa ndi oimba, udindo ndi wolipira mtengo womwe tinagwirizana ndi kutchula amene anajambula, chifukwa wojambula amene sapeza chakudya pantchitoyi amaisiya asanafike pokhwima.