Kumwetulira kwa masekondi 30

Mufilimu ya Rien à foutre muli kachigawo kamene ndakabwereza kangapo. Achinyamata amene akuphunzira kukhala akapitawo a anzawo otumikira anthu m'ndege akuuzidwa kuti ayang'ane kamera ndi kumwetulira kwa masekondi 30 osalekeza. Ikufika nthawi ya Cassandre. Mano ali poyera monga mwalamulo, koma maso akuzima pang'onopang'ono ngati nyali yotha mafuta. Ndinayesa ndekha pagalasi. Ndisanafike theka, masaya anali atalema kale.

Filimuyi anaikonza ndi Emmanuel Marre ndi Julie Lecoustre, ndipo inaonetsedwa koyamba ku Cannes mu 2021. Dzina lake ndi mawu achipongwe a Chifalansa, otanthauza kuti "ndilibe nazo ntchito". Adèle Exarchopoulos ndiye akusewera Cassandre, mtsikana wa ku Belgium wa zaka 26 amene akugwira ntchito pakampani ya ndege zotchipa yotchedwa Wing. Kampaniyo ndi yopeka, ngakhale aliyense amene anakwerapo ndege zotchipa za ku Ulaya adzazindikira yunifolomu yake ya buluu ndi chikasu. Cassandre amakhala pachilumba cha Lanzarote, kumene anthu amapita kukapuma, iye n'kumangogonako.

Kwathu kuno ntchito imeneyi timaiona ngati ya amwayi. Mtsikana akati ndi air hostess, azakhali amanena monyadira kuti mwana wathu amadya m'mawa ku Lilongwe, madzulo ku Johannesburg. Ineyo ndakwerapo ndege kangapo, koma nditafunsidwa nkhope ya amene anandipatsa tiyi sindingaikumbuke. Chimene theka loyamba la filimuyi likuchita bwino n'kutikakamiza kuyang'ana nkhope imeneyo kwa nthawi yaitali. Tikuona Cassandre akukankha kangolo m'kanjira kopanikiza, akutsatsa mafuta onunkhira ndi zakumwa, chifukwa kampani imawerenga ndalama zimene aliyense wagulitsa paulendo uliwonse. Ndege ikatera akutola zinyalala mothamanga kuti inyamukenso. Usiku ndi mowa, magule ndi amuna a pa Tinder, kumene dzina lake ndi Carpe Diem. M'mawa wadzola kale nkhope. Palibe ngozi, palibe zigawenga, ndipo kamera ikugwedera ngati yagwidwa ndi munthu amene waimirira m'kanjira komweko. Opanga mafilimu ambiri akanaopa kuti zimenezi n'zotopetsa. Kutopetsako ndiye ntchitoyo.

Mu 1983 Arlie Hochschild wa ku America analemba buku lakuti The Managed Heart atafufuza otumikira m'ndege za Delta. Mfundo yake inali yakuti kampani sigula manja ndi miyendo yokha ya wantchito. Imagulanso nsangala yake, ndipo munthu amene amagulitsa nsangala tsiku ndi tsiku amafika posadziwanso kuti yakeyake ndi iti. Filimuyi ikusonyeza kuti zinthu zapita patali kuposa pamenepo. A Delta ankaphunzitsidwa kulandira wokwera ngati mlendo wa pakhomo pawo. Cassandre akuphunzitsidwa kumuona ngati chikwama cha ndalama. Tsiku limene akuchitira chifundo mayi wina wosweka mtima, n'kumupatsa vinyo mosatsata malamulo a kampani, ndi tsiku limene akumuimitsa ntchito.

Pali kachigawo kena kamene kanandiwawa. Anzake ena akunyanyala ntchito pabwalo la ndege, akumupempha kuti agwirizane nawo, iye akuwayankha kuti sakhulupirira kuti zinthu zingasinthe, n'kudutsa. Izi si nthano chabe: mu July 2018 otumikira m'ndege za Ryanair ananyanyaladi ntchito ku Belgium, Spain, Portugal ndi Italy. Filimuyi sikumudzudzula Cassandre, ndipo ndikuganiza kuti yachita bwino. Munthu amene kontirakiti yake ili pafupi kutha salimba mtima msanga.

Dandaulo langa lili pa theka lachiwiri. Atamuimitsa, Cassandre akubwerera kwawo ku Huy, kwa bambo ake ndi mng'ono wake, ndipo tikumva bwino tsopano kuti mayi ake anafa pangozi ya galimoto, iye n'kuthawira kuntchito. Zigawo zimenezi n'zosewera bwino, makamaka pamene bambo ndi mwana akucheza usiku mumdima, mawu akutuluka movutikira. Koma zikusintha funso. Poyamba tinkafunsa kuti ntchito yotere imamuchita chiyani munthu. Tsopano tikuuzidwa kuti mtsikanayu anauma mtima chifukwa cha maliro amene sanalire. Kampani yapulumuka pamenepo. Nanga anzake aja a m'ndege, amene amayi awo ali moyo, maso awo sakuzima? Ndikanakonda filimuyi ikanakhulupirira kuti kukankha kangolo maulendo angapo patsiku n'kokwanira kumaliza munthu, popanda kuwonjezapo imfa.

Komabe ndivomere kuti pali malo amodzi pamene imfayo ndi ntchitoyo zikulumikizana mwaluso. Cassandre ali pafoni ndi wantchito wa kampani ya mafoni, ndipo zikupezeka kuti nambala yake inalembetsedwa m'dzina la mayi ake. Ayenera kunena yekha kuti mayiyo anamwalira. Wa mbali inayo akupepesa ndi mawu oloweza pamtima, n'kupitiriza za malonda. Cassandre akumva mawu ake omwe, amene amalankhula kwa okwera ndege tsiku lililonse, akumubwerera. Misozi ikutsika iye akuyankhabe mwaulemu. Kachigawo kameneka kakunena zonse zimene ulendo wa ku Huy ukutenga nthawi yaitali kufotokoza.

Pomaliza wapeza chimene ankalota, ntchito ya ndege za anthu olemera ku Dubai. Ndi nthawi ya Covid-19. Waima pamalo ake ojambulidwa pansi, motalikirana ndi alendo ena, akuonera madzi ovina a mumzindawo ndi kuwajambula pafoni. Kukamwa kwake kwaphimbidwa ndi masiki, ndipo ndinayesetsa kumuyang'ana m'maso kuti ndidziwe ngati akumwetulira.