Mlandu Suola, Koma Ulipidwe Kangati?

Aliyense amene anadzukapo m'mamawa napeza zenera lathyoledwa ndi katundu atapita, adziwa kuti chimene mbala imachotsa m'nyumba si wailesi kapena zofunda zokha ayi. Imapita ndi tulo tomwe. Nchifukwa chake malamulo akale a ku Mangalande, amene maiko ambiri anatengerako, ankati mlandu waukulu wothyola nyumba ndi wa munthu wolowa mothyola, usiku, m'nyumba yogona anthu, ali ndi cholinga chochita choipa chachikulu. Ngakhale buku la Eksodo, pa mutu 22, limasiyanitsa mbala ya usiku ndi ya masana.

Ku America boma lililonse mwa maboma 50 a dzikolo lili ndi malamulo akeake a milandu. Tiyeni tione la California. Ndime 459 ya malamulo ake sifunsanso za usiku kapena za kuthyola. Kungolowa ndi mtima wofuna kuba, mlandu wakwanira. Ikakhala nyumba yokhalamo anthu, chilango ndi zaka 2, 4 kapena 6 m'ndende. Pamenepo ine sindikuonapo cholakwa.

Cholakwa chinadza mu 1994. Chaka cha 1993 munthu wina wozolowera ndende analowa m'nyumba ku Petaluma, natenga mtsikana wa zaka 12 ndi kukamupha. Anthu anakwiya, ndipo mkwiyo wao unali woyenera. Motero anakhazikitsa lamulo lakuti amene anapezekapo wolakwa kawiri pa milandu yoopsa, kuthyola nyumba kukhala umodzi mwa iyo, akachimwanso kachitatu akhale m'ndende zaka zosachepera 25, mwinanso moyo wake wonse. Koma mlandu wachitatuwo sunasowe kukhala woopsa.

Taonani za Leandro Andrade, munthu amene anakhalapo msilikali, kenaka nagwidwa ukapolo ndi mankhwala a heroin. Mu 1983 anamangidwa pa milandu itatu yothyola nyumba. Mu Novembala 1995 anaba makaseti 9 a kanema m'masitolo awiri a Kmart, mtengo wake madola 150 ndi pang'ono. Munthu wosapalamulapo akanalandira ndende yosapitirira miyezi 6 pa mlandu uliwonse. Koma mbiri ya Andrade inakweza kuba kwakung'onoko kukhala mlandu waukulu, ndipo popeza masitolo anali awiri, zaka 25 zinawerengedwa kawiri. Munthu wa zaka 37 anauzidwa kuti angayambe kupempha ufulu atafika zaka 87. Mu 2003 Bwalo Lalikulu la dziko lonselo, oweruza asanu potsutsana ndi anai, linakana kuchotsa chilangocho.

Oikira kumbuyo lamuloli amati sakulanga makaseti, koma mtima wosamva. Mau amenewa ali ndi nzeru, pakuti makolo athu omwe ankati mlandu suola, ndipo palibe mfumu imene imaweruza mbala yachizolowezi monga imaweruzira mwana woba chimanga koyamba. Komabe ndifunse: kodi kukumbukira mlandu ndi kuulipitsanso ndi chinthu chimodzi? Andrade anali atalipira kale za 1983. Ngati zaka 50 si za makaseti, ndiye kuti ndi za nyumba zija, ndipo ngongole imodzi yalipidwa kawiri, kachiwiriko mochuluka koposa. Ngati ndi za zoipa zimene akanachita mtsogolo, ndiye kuti bwalo lasanduka nyumba ya ula.

Palinso china chimene chimandiwawa ine monga wansembe. Lamulo lotere linamanga manja a woweruza, amene ndiye yekha amaona nkhope ya wolakwa ndi kumva mbiri yake. Inde anamsiyira kampata kochepa kochotsera mlandu wakale, koma mphamvu yeniyeni inapita kwa wozenga mlandu, amene amasankha dzina loti aupatse. Ndipo lamulo lobadwa chifukwa cha wakupha mwana linakagwira wakuba makaseti.

Anthu a ku California eni ake anazindikira. Mu 2012 anavota kuti, kupatula pa milandu ina yowerengeka, mlandu wachitatu uzikhala woopsa, ndipo akaidi ambiri analoledwa kupempha kuti chilango chao chionedwenso. Mu 2014 kuba m'sitolo katundu wosapitirira madola 950 kunaikidwa m'gulu la milandu yaing'ono. Koma mu Novembala 2024, atatopa ndi umbava wa m'masitolo, anavotanso kuti wopezeka wolakwa pa kuba kachitatu athe kuzengedwa mlandu waukulu, ngakhale chobedwacho chikhale chochepa.