Tiwayamike Aphunzitsi a Kayendetsedwe ka Boma

Basi yochokera ku Avondale ikamatsika ndi Great East Road kulowera m'tauni imadutsa pa geti la University of Zambia, sukulu yomwe idatsegulidwa mu 1966. Kumeneko, komanso ku National Institute of Public Administration (NIPA), kuli aphunzitsi amene ntchito yawo ndi kusula anthu oyendetsa boma. Ambiri sitiwadziwa, koma kalaliki wokuthandizani mwaulemu pa ofesi ya boma mwina adadutsa m'manja mwawo.

Lero ntchitoyi yakula. Boma likupereka zithandizo zambiri pa intaneti kudzera ku Smart Zambia, ndipo mu 2021 dziko lidakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'makompyuta. Choncho mphunzitsi amakhala usiku ndi mulu wa mapepala a mayeso, cholembera chofiira kumanja, akufunsa wophunzira m'mphepete mwa pepala: kompyuta ikakana dzina la mlimi pa mndandanda wa feteleza wa FISP, mlimiyo akadandaule kwa yani? Funso lotere ndi limene limapanga wantchito wa boma woganiza.

Anzawo a zamakompyuta pa yunivesite yomweyo adasonkhanitsa mawu olankhulidwa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi m'ntchito yotchedwa Zambezi Voice, kuti makina aphunzire kumva zinenero zathu. Ankajambula chiganizo chimodzichimodzi mosamala.

Ntchito yotere imafuna kuleza mtima, ndipo phindu lake limachedwa kuoneka. Boma ndi makampani aziika ndalama pa kafukufuku wa aphunzitsiwa, ndipo aziwafunsa nzeru asanagule makina atsopano.